Tsiku Limene Walegir Anatseka Pakamwa

Mayi ake a Walegir atamwalira, abale anachita monga mmene anthu a mtundu wawo, Apaiter, amachitira. Anatulutsa panja zonse za malemuwo: machira ogonamo, madengu, mikanda ya zigoba za chipatso cha tukuma imene inkawafika m'mawondo, ngakhale kawailesi kamene anawagulira ku tauni ya Cacoal. Zoyaka anatentha, zosweka anaswa. Miphika inali yambiri, chifukwa mayiwo ndiwo anali mmisiri wa dothi m'mudzi monsemo, ndipo phokoso la kuswa kwake linamveka mpaka kuminda ya khofi. Yomalizira inali mbiya ya makaloba, mowa wa zilazi ndi chinangwa, yofika m'chiuno mwa munthu wamkulu. Amuna awiri anaigubuduza mpaka pabwalo, wina anakweza chibonga, Walegir n'kuyang'ana kumbali. Palibe amene anadandaula. Munthu akamapita amatenga zake, ndipo dzina lake silitchulidwanso.

Vuto linaoneka mvula itasiya, akuluakulu atagwirizana kuti chaka chimenecho kukhale Mapimai, phwando limene linali litatha zaka zambiri osachitika m'mudzimo. Mwini phwando anasankhidwa Ibamoy, mwamuna wa Walegir, chifukwa munda wake wa zilazi ndi chinangwa unabereka kuposa wa wina aliyense. Mudzi unagawika pawiri monga mwa mwambo. A kunkhalango anasamukira kumsasa wawo kuseri kwa mitengo, kukasema mivi ndi kupanga mikanda ndi zisoti za nthenga zodzapereka pa tsikulo. A kumunda anatsala m'mudzi, ntchito yawo kufulula makaloba odzamwetsa anzawowo. Zilazi zinalipo, nkhuni zinalipo, manja analipo. Mbiya ndiyo panalibe.

Tsiku lina masana Ibamoy anafika pa njinga yamoto atamangirira mgolo wa pulasitiki wabuluu kumbuyo. Anautsitsa mwakachetechete kuseri kwa nyumba, koma Walegir anali atauona kale.

"Chimenecho n'chiyani, bambo mwini phwando?"

"Waona wekha. Ndautsuka bwinobwino, ndi sopo."

"Ndi sopo! Tamverani anthu inu, makaloba a chaka chino adzachita thovu ngati zochapa za kumtsinje. Anthu adzipake utoto thupi lonse, avale nthenga za zinkhwe, ayimbe kuchokera kunkhalango mpaka pano, n'kudzawerama pa mgolo wa ayara, anthu osakhala a mtundu wathu? Bwanji osangowagulira zakumwa za m'mabotolo, aliyense chake?"

Ibamoy sanali munthu wonyoza za makolo. Anali munthu amene wapatsidwa phwando popanda chomwetsera, ndipo anayankha mosakweza mawu.

"Kumidzi ina akumwera m'migolo, palibe amene wafa. Amene ankaumba zazikulu anapita nazo. Iwe umaumba timiphika ta nyemba. Ndiye ndichite chiyani ine, ndiwamwetse m'manja?"

"Mudzawamwetsa mu mbiya."

"Ya yani?"

"Yanga."

Ibamoy anamuyang'ana kwa kanthawi, kenako anafunsa funso limene linabaya pamalo pake.

"Dothi lake ukakumba ndiwe?"

Dothi lili ndi mwini wake, nkhanu, ndipo nkhanu sifuna mawu a munthu. Akazi akamapita kumtapo amatseka pakamwa kuyambira pamene atsikira kumtsinje mpaka dengu litatsitsidwa kunyumba. Woyembekezera sapita, amene ali kumwezi sapita. Walegir anapitako kamodzi kokha ali mtsikana, ndipo asanafike n'komwe anali atafunsa dzina la mbalame, atadandaula za minga, atasimba maloto ake. Mayi ake sanamukalipire, anangosiya kumutenga. Kuyambira pamenepo dothi ankalilandirira pakhomo, lokumbidwa kale, n'kumaumba timiphika take pambali pa mayi ake uku akulongolola.

Pakamwa pakepo panathandiza mudzi kambirimbiri, izi tisaiwale. Ogula khofi akabwera ndi sikelo yokayikitsa, ankaitana Walegir. Ng'ombe za pafamu yoyandikana nayo zitathyola waya n'kudya nthochi za mudzi, anapita ndi iye kukakumana ndi kapitawo wake, myara wina dzina lake Adenor, ndipo anamutsanulira Chipwitikizi mpaka antchito a kapitawoyo anayamba kuseka bwana wawo. Koma kumtapo luso limenelo ndi lopanda ntchito.

Ulendo woyamba anapita ndi mlamu wake Neuza ndi akazi ena awiri. Walegir anayesetsa, n'zoona. Anayenda ataluma mlomo mpaka anafika pagombe pamene panaoneka kuti anthu ankakumbapo. Koma potsika, Neuza anaterereka n'kukhala pansi m'matope, miyendo m'mwamba.

"Mlamu, takuuza kuti tikumbe ndi manja, osati ndi kumeneko!"

Mawu anatuluka okha. Akazi anagwira pakamwa, kenako anaphulika kuseka. Poti chete anali atasweka kale, anapitiriza kunong'onezana, akukumba mofulumira pamalo oyamba amene anaona, n'kubwerera.

Walegir anaumba mbiya ndi dothi limenelo. Inakwera bwino, inauma, ndipo anthu anayamba kubwera kudzaisuzumira. Koma pa tsiku lowotcha, moto utangoyaka mokwanira, kunamveka phwaa! Phulusa litazizira anapeza mbiya itang'ambika kuyambira kumlomo mpaka pansi, mbali imodzi itagwa. Ena anati nkhanu inamva. Ena anati dothi linali ndi mchenga. Ena anati anafulumira kuiwotcha. Amene akusimba nkhaniyi analipo, ndipo sanganene kuti wolondola ndani. Chimene anaona n'chakuti madzulo ake Ibamoy anagubuduza mgolo wabuluu uja kuuchotsa kuseri kwa nyumba n'kuuika pamthunzi, pafupi ndi khomo.

A kumunda saloledwa kulowa kumsasa wa a kunkhalango, choncho Walegir anakadikira mayi ake aang'ono, a Pamakoy, pamwala wa kumtsinje pamene ankakonda kusalazira mikanda. Anawapeza atatambasula chingwe chachitali cha tizigoba ta tukuma, akuchikhutiza pamwala ndi chikhatho, uku ndi uku, mpaka timikanda tonse tifanane. Ntchito imeneyo imadya zala. Chigoba amachiswa tizidutswa, kachidutswa kalikonse amakaboola pakokha, ndiye kenako kusalaza kosatha.

"Ndamva kuti kwanu kunalira mfuti," anatero a Pamakoy osadzutsa mutu.

"Musandiseke, mayi."

"Ine ndine wa kunkhalango, kuseka a kumunda ndi ntchito yanga. Waona mkanda uwu? Ndikupangira amene adzandimwetse mu mbiya. Ndikadzapeza mgolo, ndidzauveka mgolowo m'khosi, pamaso pa anthu onse, ndipo ndidzauyimbira nyimbo."

Walegir anakhala pansi, manja m'masaya.

"Ndikanangoona umodzi wokha wa miphika ija. Umodzi! Ndikatseka maso ndimaona manja awo, koma sindikumbuka mmene ankapindira mlomo, sindikumbuka kuchindikala kwa pansi. Tinaswa zonse. Inu munkaiona mbiya ija tsiku ndi tsiku, tandiuzani."

"Manja anga ndi a mikanda, mwana wa mkulu wanga. Mu mbiya ija ndinkamwamo, sindinkaiyeza. Ndipo tinaswa chifukwa zinali zake. Kapena umafuna kuti mkulu wanga ayende ulendo wonse uja akucheuka, kuti kodi chakuti ndachisiya kuti?" Anaviika chingwe m'madzi n'kuchikweza, timikanda tikunyezimira ngati maso a nsomba. "Chimene ndikudziwa n'chimodzi. Amene anapitayo akabwera kumtapo ankatha kukuuza mbalame zonse zimene zinalira m'njira. Iwe unamva zingati?"

Walegir anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma analibe choyankha. A Pamakoy anaseka mpaka kutsokomola.

"Aa, ndiye zimatheka!"

Nthawi inali itatha. A kunkhalango anali atayamba kale kumanga nthenga, ndipo mbiya yaikulu siuma msanga. Ikasweka yachiwiriyi, yachitatu sipakanakhala. Walegir anadzutsa Neuza ndi akazi awiri aja m'mamawa.

"Lero ndikayankhula, undimenye ndi dengu."

"Ndakhala ndikudikira mawu amenewo chikwatiwire iwe ndi achimwene," anatero Neuza, akumanga luzi la dengu pamphumi.

Atatsikira kumtsinje, Walegir anatseka pakamwa. Poyamba mawu ankamuyabwa pakhosi ngati nyerere. Anaona mapazi a nguluwe, anafuna kunena. Anaona Neuza akuponda mosamala pamalo amene anagwera paja, anafuna kunena. Anameza zonse. Atayenda pang'ono kuyabwa kuja kunachepa, ndipo nkhalango inayamba kumveka. Anyani ankalira kutali. Chipatso chinagwa m'madzi. Kumtunda kwa mtsinje madzi ankalira mosiyana ndi kumunsi, ngati akudutsa pansi pa chinthu.

Atafika pagombe lokumbidwa lija, Neuza anatsitsa dengu. Walegir anaima. Ali chiimire, anakumbuka msana wa mayi ake, tsiku limodzi lija ali mtsikana. Msanawo sunaime pano. Unapitirira, ukuwerama pansi pa mizu, pamene iye ankasimba maloto ake kumbuyo. Anagwira Neuza paphewa n'kuloza kumtunda ndi mlomo.

Anayenda m'madzi ofika m'mawondo mpaka pamene mtsinje unalowa pansi pa mizu ya mtengo waukulu. Gombe lonse linali timauna ta nkhanu, ndipo pakhomo pa una uliwonse panali kamulu ka dothi lotuwa limene nkhanuyo inatulutsa pansi. Walegir anagwada. Anachotsa masamba, anachotsa mchenga wa pamwamba, analowetsa dzanja mpaka m'chigongono, ndipo zala zinakumana ndi chinthu chozizira, chosalala ngati mafuta. Anatapa pang'ono. Asanaganize n'komwe, dzanja linapita nalo pakamwa, n'kuliluma ndi mano akutsogolo. Ankaona mayi ake akuchita zimenezo pakhomo, n'kumayesa kuti ndi chizolowezi cha ukalamba. Mano sanakumane ndi mchenga. Nkhanu imodzi inatuluka, inamuyang'ana ndi maso ake otuluka aja, n'kubwerera chammbali.

Anakumba mwaulemu, osagumula mauna. Dothi analikulunga m'masamba akuluakulu, anadzaza madengu, anakwirira pamene anakumbapo, n'kunyamuka.

Dothi ndi lolemera, ndipo luzi limadya pamphumi. Njira yachidule yobwerera kumudzi imatuluka m'nkhalango n'kutsata waya waminga wa pafamu ija, mbali imodzi mitengo, mbali inayo udzu ndi ng'ombe zoyera mpaka pamene maso alekeza. Dzuwa linali litafika pamutu pamene anamva njinga yamoto. Inawapitirira, inatembenuka, n'kuima chopingasa pakati pa njira. Anali Adenor.

"Taonani amene ndakumana nawo! Dona Walegir mwini wake. Mwanyamula chiyani cholemera chonchi? Miyala ya golide? Mwayamba kukumba m'mphepete mwa waya wanga?"

Walegir anaima, akazi enawo kumbuyo kwake. Anamuyang'ana ndwii.

"Ndikufunsatu ine. Kapena Chipwitikizi chatha? Tsiku lija chinali chambiri bwanji, munandiyankhulira mpaka ng'ombe zinagona. Lero wakudulani lilime ndani? Amuna anu atopa nanu?"

Mayankho anabwera onse nthawi imodzi, okoma, akuthwa, ena a chipewa chake chong'ambika, ena a waya wake amene ankagwa mphepo ikangowomba. Walegir anawamva akukwera pakhosi. Kumbuyo kwake Neuza anapumira m'mwamba. Walegir analuma mano mpaka nsagwada zinawawa.

Adenor anatsika pa njinga, anayandikira, n'kusuzumira mu dengu. Ataona masamba ndi madzi otuwa akudontha pansi pake, nkhope yake inasintha. Anakankhira chipewa kumbuyo.

"Aa, ndi dothi. Ndiye gogo uja ali kuti, amene ankadutsa pano ndi dengu ngati limeneli? Papita nthawi osamuona. Naye sankayankha moni, ndinkayesa ndi wosamva. Tsiku lina anabwera kunyumba n'kupatsa mkazi wanga mphika, chifukwa tinamutenga pa galimoto kupita naye kuchipatala. Mpaka lero nyemba timaphikira momwemo, mkazi wanga salola munthu kuukhudza. Akudwala kapena?"

Kunyozedwa Walegir anali atakukonzekera. Izi ayi. Mphika wa mayi ake unalipo, wathunthu, kuseri kwa udzu uwo, pamtunda woti munthu akhoza kufika asanatope. Mlomo wake unalipo, pansi pake panalipo. Chinkafunika ndi mawu ochepa okha: ndioneni, ndiugwire. Ndipo munthuyu anafunsa bwino, anayenera kuuzidwa kuti gogoyo anapita. Misozi inatsika n'kusakanikirana ndi thukuta. Milomo yake inatseguka.

Luzi linamukoka pamphumi. Dothi linali pamsana, lozizira, lisanafike kunyumba.

Anatseka milomo. Anakweza dzanja n'kuloza kumwamba, kenako anagwira pachifuwa pake. Ndiye anayamba kuyenda, molunjika pa njinga ija, osafulumira, osapatuka. Akazi anatsatira pamzere. Adenor anathamangira njinga yake n'kuikokera m'mphepete mwa waya, anavula chipewa, n'kuima nacho m'manja mpaka womaliza anadutsa.

Walegir anatsitsa dengu pakhomo pake, anaongola khosi, anapuma kamodzi, ndiye dziwe linaphulika.

"Golide! Akuti golide! Munthu wamkulu ndi ndevu zake, golide amadontha madzi? Ndipo akuti amuna anga atopa nane. Ibamoy, mwatopa nane inu? Nenani pompano! Chipewa chake chija ngakhale nkhuku singaikiremo mazira, waya wake uja..."

"Chachitika n'chiyani?" anafunsa Ibamoy, akuyang'ana Neuza.

"Sanayankhule, achimwene," anatero Neuza, akudzigwetsa pansi. "Kuchokera kumtsinje mpaka pano. Myara uja anamuputa, anamuputanso, iye duu. Ine ndinkaopa kuti aphulika ngati mbiya ija."

Za mphika wa kufamu Walegir anaganiza kuti apita m'mawa mwake. Koma m'mawa dothi linali litafewa bwino, ndipo manja anali atalowamo kale. Analikanda, akuchotsa timizu ndi timiyala. Anapota mikombero yaitali pa mphasa, anazunguliza woyamba kukhala pansi pa mbiya, anaika wina pamwamba pake, akutsina ndi chala chachikulu, akusalaza ndi chikhokho cha chipatso. Dothi ili linali lina. Silinkang'ambika popinda, linkatsatira dzanja. Ankaika mikombero ingapo, n'kudikira kuti ilimbe isanalandire ina, ndipo munthu sangasiye ntchito yotero n'kupita kukacheza kufamu. Anati mawa. Mawa linafika mbiya ili m'mawondo, linalo ili m'ntchafu, iye akuizungulira chammbuyo, dzanja limodzi m'kati, lina kunja.

Anthu anazindikira kuti akamaumba sayankhula. Palibe mwambo umene umaletsa, anangoleka yekha. Ana akabwera kudzaonerera ankawathamangitsa ndi diso. Atafika pamlomo anaima, manja ali m'malere. Apa ndi pamene ankaopa. Anaika chala chachikulu m'kati, zinazo kunja, anayenda mozungulira kamodzi, ndipo mlomo unapindikira kunja wokha, wotambalala pang'ono. Sanadziwe ngati mayi ake ankapinda choncho. Anaona kuti sakufunanso kudziwa.

Anaiumitsa m'nyumba, kutali ndi dzuwa ndi mphepo, ngakhale Ibamoy ankayenda uku ndi uku akuwerenga masiku ndi maso. Anaikhutiza ndi mwala wosalala wa kumtsinje mpaka inayamba kuwala. Anaivundikira pa utsi wa moto waung'ono kuti m'kati mude ndi kulimba. Ndi dothi lotsala anaumba kamphika kamodzi ka nyemba, n'kukaika pambali.

Pa tsiku lowotcha, m'mawa mphepo isanadzuke, anaizungulira ndi makungwa ouma mpaka inabisika yonse. Neuza anabweretsa moto. Anthu a kumunda anaima patali, ndipo panalibe woseka. Moto unakwera, unalira, makungwa anayamba kugwa. Khungwa lililonse likathetheka mtima wa Walegir unkadumpha. Kenako malawi anatsika, ndipo m'kati mwa phulusa munaoneka phewa lofiira, lathunthu. Anaikoka ndi mitengo iwiri, n'kuiwaza madzi a khungwa ikadali yotentha, nthunzi ikukwera.

Itazizira, Ibamoy anayandikira. Anaizungulira, akuyang'ana mng'alu. Anapinda chala n'kuigogoda paphewa.

Ngwee!

Mawuwo anayenda pabwalo ponse n'kukhalitsa m'mwamba. Ibamoy anagogodanso, ngati sanakhulupirire. Ndiye anatembenuka, anapita pamthunzi, anagwetsa mgolo wabuluu uja chammbali n'kuyamba kuugubuduza.

"Mukupita nawo kuti, bambo mwini phwando?" anafuula Walegir. "Munautsukatu ndi sopo!"

"Kumunda wa khofi. Ukasunga madzi."

"Muupepese, unali utakonzekera kuvala mikanda!"

Tsiku la Mapimai a kunkhalango anamveka asanaoneke. Zitoliro zinayamba kulira kuseri kwa mitengo dzuwa litangokwera, kenako nyimbo, kenako anatulukira pamzere, matupi olembedwa ndi utoto wakuda, zisoti za nthenga zofiira ndi zachikasu zikugwedezeka pamitu. Amuna ananyamula mitolo ya mivi yokulungidwa ndi ubweya wa nguluwe. Akazi anali ndi mikanda yopingasa pachifuwa, malamba a thonje m'chiuno, madengu atsopano kumsana, ndipo okalamba ena anavala timitengo ta utomoni tonyezimira pansi pa mlomo, monga kale. Ankabwera akunyoza, monga mwa mwambo.

"A kumunda! Tamva kuti chaka chino timwera mu chitini!"

"Tabwera ndi ludzu la nkhalango yonse, musatichititse manyazi!"

Ibamoy anakhala pampando wake pakati pa bwalo. Pambali pake panali chinthu chophimbidwa ndi masamba a nthochi. Mzere utafika pafupi, Walegir anachotsa masambawo.

Mbiya inaima pamenepo, yofiira kunja, yakuda m'kati, yodzaza makaloba mpaka pakhosi, osadontha ngakhale dontho limodzi. Zitoliro zinasokonekera. Amene anali kutsogolo anaima, akumbuyo n'kuwagunda. Kenako kunabuka mfuu umene unadzutsa zinkhwe m'mitengo, ndipo nyimbo inayambanso mwamphamvu kuposa poyamba.

A Pamakoy anatuluka pamzere. Anaizungulira mbiyayo pang'onopang'ono, anayendetsa chala pamlomo wake, anasuzumira m'kati.

"Ya amene anapita ija sinali chonchi," anatero. "Mlomo wake unali woongoka. Uwu watambalala ngati pakamwa pa mwini wake."

Bwalo lonse linaseka, ndipo Walegir anaseka nawo, misozi ili m'maso. Anamiza chikho, anachipereka ndi manja awiri. A Pamakoy anamwa osapuma, anapukuta pakamwa, n'kuvula mkanda wa tukuma umene unali paphewa pawo. Unali wautali moti anauzunguliza m'khosi mwa Walegir, anaudutsitsa m'khwapa, anauzungulizanso, ndipo unatsalabe mpaka m'chiuno, wakuda, wosalala, wolemera.

"Mgolo uja uuze kuti wataya mwayi," anatero. "Thiranso. Ndabwera kudzamwa mpaka ndisanze, ndiyambirenso."

Anamwa tsiku lonse, monga mmene Mapimai amafunira. Mivi inaunjikana pamapazi a Ibamoy, mikanda m'makosi mwa akazi a kumunda. Mbiya ikatsika ankaidzazanso. Atsikana atatu anabwera kwa Walegir padera, mwamanyazi, kudzafunsa ngati angapite nawo kumtapo ulendo wina.

"Mumatha kukhala chete?" anawafunsa, nkhope itauma.

Neuza, amene anali pafupi, anatsamwa ndi makaloba.

Dzuwa litapendeka, a Pamakoy anaona kamphika katsopano kali pakhomo pa nyumba, kokulungidwa m'masamba ngati ka paulendo.

"Nanga aka?"

"Ndi ka mkazi wa Adenor. Ali ndi mphika wa amene anapita, amaphikiramo nyemba. Mawa ndikawapatsa aka, andipatse uwo."

"Kuti uone mlomo wake?"

"Kuti ndiuswe, mayi. Asamayende akucheuka."

A Pamakoy anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Nanga akakana? Akuti mkaziyo salola munthu kuukhudza."

Walegir anakonza mkanda pachifuwa pake, anamiza chikho mu mbiya, n'kuchikweza chodzaza.

"Mawa sindidzasenza dothi," anatero. "Ndidzayankhula."